NJALA YA NDARAMA IMENE INACOKERA KU AMERICA NDI KUTSEKA MGODI KUFUPI NDI PRETORIA

 Njala imene tonse tiidziwa ndi ya cilala, pamene mvula ikana ndipo nkhokwe zikhala pululu. Koma iripo njala ina imene igwa nkhokwe ziri zodzala, masitoro ali ndi katundu, makina onse ali bwino, koma anthu nagona osadya cifukwa ndarama zaleka kuyenda. Njala yotere inagwa m'dziko la America m'caka ca 1929. Azungu amaicha Great Depression, koma ine ndiicha njala ya ndarama.

Ine ndine kalaliki pa mgodi wina kufupi ndi Pretoria, nchito imene anzathu amaicha mabalane. Sukulu yanga ndi ya mishoni, ya pulaimale cabe, cotero sindilankhula ngati mphunzitsi wa za cuma. Nchito yanga ndi mabuku a maina: ndilemba munthu tsiku lolowa nchito, ndipo ndimlembanso tsiku lomaliza. Nchito imeneyi ndiyo inandipatsa funso lakuti, kodi cimene citseka mgodi n'ciani? Ambiri tiganiza kuti ndi kutha kwa miyala pansi. Mbiri ya zaka zimenezo iyankha mwina: mgodi utsekedwa pamene lauma thumba la wogula, munthu wa kutsidya la nyanja amene sitidzamuona konse.

M'MENE ZINAYAMBIRA

Anthu khumi akasonkha ndarama nagula ng'ombe imodzi, ali yense ali ndi gawo lake pa ng'ombeyo. Makampani akuru agawidwa comweco, ndipo gawo liri lonse lichedwa sheya. Mu mzinda wa New York muli mseu wochedwa Wall Street, kumene kuli msika wa masheya. M'zaka za 1920 mitengo ya masheya inali kukwera kosalekeza, kotero kuti ngakhale anthu wamba anayamba kugula, ambiri pa ngongole: munthu ankapereka madola 10 nalandira masheya a madola 100, nayembekeza kubweza zotsalazo mtengo ukakwera.

Cakudza siciimba ng'oma. Lacinai pa 24 October 1929 mitengo inayamba kugwa, ndipo Laciwiri pa 29 October masheya 16 miliyoni anagulitsidwa tsiku limodzi, ali yense pofuna kutaya ake asanafike pokhala mapepala acabe. Angongole analephera kubweza. Mabanki amene anawakongoza anayamba kugwedezeka. Anthu pakumva mphekesera anathamangira ku mabanki kukatenga ndarama zao, ndipo popeza palibe banki imene isunga ndarama za anthu onse m'bokosi nthawi imodzi, zitseko zinatsekedwa. Kuyambira 1930 mpaka 1933 mabanki ngati 9,000 anagwa, ndipo zimene anthu anasunga zaka zambiri zinapita nao pamodzi.

Taonani m'mene unyolo wake unalumikizirana. Wopanda ndarama sagula. Sitoro yosagulitsa siitanitsa katundu. Fakitale yosaitanitsidwa icotsa anchito, ndipo ocotsedwawo ndiwo aonjeza ciwerengero ca osagula. Pofika 1933 munthu mmodzi mwa anchito anai ali onse analibe nchito, ndiwo anthu ngati 13 miliyoni.

MOYO WA ANTHU M'ZAKAZO

Amuna obvala majekete ndi zipewa zabwino ankaima pa mzere m'miseu kudikira buledi ndi msuzi waulere. Olephera kulipira lendi anamanga zisakasa za malata akale ndi makatoni m'mphepete mwa mizinda, ndipo midzi yotereyi anaicha Hooverville, monyoza Pulezidenti Herbert Hoover amene anali pa mpando. M'caka ca 1932 asilikali akale a nkhondo ya 1914 anasonkhana ku Washington kupempha kuti awapatsiretu ndarama zimene boma linawalonjeza, koma anapitikitsidwa ndi asilikali anzao ndipo misasa yao inatenthedwa.

Codabwitsa n'cakuti cakudya cinalipo cambiri. Mitengo inatsika kotero kuti mlimi sanali kupeza ngakhale ndarama za sitima yonyamulira mbeu zake. M'caka ca 1933 boma linagula nkhumba 6 miliyoni ndi kuzipha, ndipo linalipira alimi kuti afotsere thonje limene linali kale m'munda, kuti mitengo ikwereko. Pamwamba pa izi panadza cilala m'madera a Oklahoma, Kansas ndi Texas. Kumeneko anali atalima udzu wonse wogwira nthaka, tsono mphepo inanyamula dothi la pamwamba. Pa 14 April 1935 pfumbi linadetsa dzuwa usana ngati usiku. Mabanja ambirimbiri anamanga mphasa ndi mapoto pa magalimoto akale nalowera ku California kukafuna ganyu wochola zipatso.

Anthu akuda a ku America ndiwo anasauka koposa: anali oyamba kucotsedwa ndi omaliza kulembedwa, ndipo m'caka ca 1932 pafupi-fupi theka la iwo linalibe nchito. Zonsezi anaziona ndi maso mwana wa kwathu wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda. Iyeyu anali kalaliki monga ine, pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg, ndipo anapita ku America m'caka ca 1925 ndi cithandizo ca mpingo wa A.M.E. Anatsiriza maphunziro pa University of Chicago m'caka ca 1931, natsiriza za udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville m'caka ca 1937. Cotero zaka zambiri za njalayo anali komweko.

Koma dzikolo silinagone. Pa 1 May 1931 anatsegula nyumba ya Empire State ku New York, ya nsanjika 102, yaitari koposa zonse pa dziko nthawi imeneyo, ngakhale zipinda zake zambiri zinakhala zopanda olowamo. Damu lalikuru la Hoover pa mtsinje wa Colorado linatha m'caka ca 1936, ndi mlatho wa Golden Gate ku San Francisco m'caka ca 1937. Jesse Owens, munthu wakuda, anapata mendulo zinai za golide pa masewera a ku Berlin m'caka ca 1936, ndipo Joe Louis anagwetsa Max Schmeling pa raundi yoyamba m'caka ca 1938.

ZIMENE ROOSEVELT ANACITA

Franklin Roosevelt analowa pa mpando pa 4 March 1933. Anali munthu wopuwala miyendo, koma wolimba mtima. Poyamba anatseka mabanki onse masiku owerengeka kuti awayese, ndipo pa 12 March analankhula pa wailesi, nafotokozera anthu m'mau apafupi m'mene banki igwirira nchito. Mabanki atatsegulidwa, anthu anayamba kubweza ndarama zimene anabisa m'nyumba. Caka comweco anakhazikitsa lamulo lakuti banki ikagwa, wosungitsa abwezeredwe ndarama zake kufikira muyeso wina.

Ina mwa nchito zake idzakumbutsa ena a inu za kwathu. Anasonkhanitsa anyamata osakwatira m'misasa kuti abzale mitengo ndi kukonza miseu. Ali yense ankalandira madola 30 pa mwezi, koma madola 25 ankatumizidwa kwa makolo ake, iye natsala ndi 5. Anyamata ngati 3 miliyoni anapyola m'misasa imeneyi kufikira 1942. Kodi si zofanana ndi ndarama zija agogo athu ankazisiya m'buku pa mgodi, nakazilandira atafika kwao?

M'caka ca 1935 panabwera lamulo la penshoni ya okalamba ndi cithandizo ca ocotsedwa nchito, ndipo m'caka ca 1938 lamulo la malipiro ocepetsetsa, masenti 25 pa ora, ndi loletsa kulemba ana ang'ono m'mafakitale. Koma zindikirani ici: lamulo la 1935 linasiya kunja anchito a m'minda ndi a m'nyumba za mabwana, ndipo izi ndizo nchito zimene anthu akuda ambiri ankagwira. Njalayo inatheratu pamene America analowa nkhondo m'caka ca 1941, mafakitale nayamba kufuna munthu ali yense.

NJALA IOLOKA NYANJA

Tsopano tibwere kuno. Munthu wa njala sagula mphete. America ndiye anali wogula wamkuru wa daimondi, ndipo iye ataleka kugula, miyala inangounjikana m'mabokosi. Mamailosi ngati 20 kum'mawa kwa Pretoria kuli mudzi wa Cullinan, kumene kunali mgodi wochedwa Premier. Pamenepo ndi pamene m'mwezi wa January 1905 anatola daimondi wa makarati 3,106, wamkuru koposa onse okongoletsera amene anapezekapo, amene pambuyo pake anapatsidwa kwa Mfumu Edward VII. M'caka ca 1932 mgodi wochukawu unatsekedwa, monganso migodi ya ku Kimberley. Miyala inalimobe pansi. Dzenje linadzala madzi, anchito anabalalika, ndipo anadzayambanso kupopa madziwo m'caka ca 1945. Zaka 13! Mwana wobadwa caka cotseka anali atayamba kale kupita kubusa yekha.

Ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, zinali comweco. M'caka ca 1930 kunali anchito akuda oposa 30,000. Pakutha pa 1932 anatsala ngati 7,000. Bwana Mkubwa, Nchanga ndi Mufulira inaima, ndipo inatsala Nkana ndi Roan Antelope yokha. Ku Nyasaland mitengo ya fodya ndi thonje inatsika, koma msonkho wa mashilingi 6 sunatsike. Munthu ankabwerera kumudzi wopanda kanthu, napeza mesenjala wa boma ali pakhomo.

Mu South Africa muno mtengo wa ubweya wa nkhosa unagwa, ndipo cilala coopsa ca 1932 ndi 1933 cinapha ziweto zosawerengeka. Mabunu osauka anacoka m'mapulazi nadzaza Pretoria ndi Johannesburg. Bungwe la ku New York la Carnegie linapereka ndarama zofufuzira umphawi wao, ndipo lipoti lake la 1932, la mabuku asanu, linawerenga Azungu osauka ngati 300,000. Boma linawatsegulira nchito pa njanji ndi pa madamu monga Loskop ndi Vaal-Harts. Kuyambira 1924 cinali kale cizolowezi ca boma kuika Mzungu pa nchito imene anali kugwira munthu wakuda, ndipo m'zaka za njala cinakula. A ku Marabastad, Bantule ndi Lady Selborne njala yao inali yomweyo, koma m'buku la othandizidwa maina ao munalibe, ngakhale kuti m'buku la msonkho wa paundi imodzi anali momwemo. Kufufuza kwaciwiri kwa Carnegie, kumene kunayang'ana umphawi wa anthu akuda, kunadzacitika m'zaka za 1980, patapita zaka 50.

GOLIDE APULUMUTSA DZIKO

Masiku amenewo ndarama za maiko zinali zomangirira ku golide, ndiko kuti pepala liri lonse la paundi linali lonjezo la golide wa muyeso wake. M'mwezi wa September 1931 Britain anamasula cingwe cimeneci. Boma la General Hertzog, ndi nduna yake ya cuma N. C. Havenga, linakana kutsata, pofuna kuonetsa kuti South Africa sayendera mau a London. Cotsatira cake, katundu wa kuno anakwera mtengo kwa ogula akunja, ndipo eni cuma anathawitsa ndarama zao. M'mwezi wa December 1932 woweruza Tielman Roos anatula pansi nchito yake nabwerera m'ndale kudzalimbana ndi zimenezi, ndipo pa 28 December boma linagonja. Caka cotsatira Hertzog ndi Smuts, amene anali adani, analowa m'boma limodzi.

Pomwepo zinthu zinatembenuka. Aunsi imodzi ya golide, imene inali mapaundi 4 ndi mashilingi 5, inapyola mapaundi 6, ndipo pofika 1935 inali ngati mapaundi 7. Nayenso Roosevelt, m'mwezi wa January 1934, anakweza mtengo umene boma lake linkagulira golide kucokera pa madola 20.67 kufika pa madola 35. Miyala imene kale ankaisiya cifukwa golide wake anali wocepa inayamba kupindulitsa, ndipo migodi yatsopano inakumbidwa. Kuno ku Pretoria West fakitale ya boma ya citsulo, ya Iscor, inatulutsa citsulo cake coyamba m'caka ca 1934, motsogozedwa ndi Dr H. J. van der Bijl, amene anagwirapo nchito zaka zingapo ku New York.

Onani tsono: dzanja lomwelo la ku America limene linatseka mgodi wa daimondi ndilo linathandiza kutsegula migodi ya golide.

NJIRA YA KU JONI

Migodi yocuruka ifuna manja ocuruka. Kuyambira 1913 kunali koletsedwa kulemba anthu ocokera kumpoto, monga ife a ku Nyasaland, cifukwa ambiri ankafa ndi cibayo m'makomponi, ngakhale a selefu sanaleke kubwera pansi kudzera m'Southern Rhodesia. Kuyambira 1933 ciletsoco anayamba kucimasula pang'ono pang'ono, ndipo pofika 1937 cinacoka, Wenela nayambanso kulemba anthu a kumpoto. Pofika 1939 anchito akuda pa migodi ya golide anapyola 300,000.

Ku Zomba boma linacita mantha ndi kucoka kwa amuna, ndipo m'caka ca 1935 linaika komiti, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, kuti ifufuze. Inapeza kuti anthu ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ena mwa iwo anali machona. Midzi ina inatsala ya akazi, ana ndi nkhalamba.

Pali cinthu cimodzi cimene kalaliki sangacilumphe, cifukwa ciri m'mabuku a malipiro. Mtengo wa golide unakwera koposa theka, koma malipiro a munthu wakuda wa pansi anakhala pa mashilingi awiri ndi makobiri ocepa pa shifiti, ndipo komiti ya Lansdown inawapeza ali pomwepo m'caka ca 1943. Pa nthawi ya kugwa, wanchito anali woyamba kumva kuwawa. Pa nthawi ya kukwera, anali womaliza kulawa. Komabe ndi mashilingi omwewo agogo athu analipira msonkho, nagula njinga, makina osokera ndi ng'ombe, naphunzitsa ana. Ulemu ukhale kwa iwo.

NANGA IFE LERO?

Wina adzati izi n'zakale. Iai. M'caka ca 2008 mabanki a ku New York anagwedezekanso, ndipo kuciyambi kwa 2009 migodi ya daimondi ya ku Botswana, Jwaneng ndi Orapa, inaima kwa kanthawi. America akali wogula wamkuru wa daimondi kufikira lero, ndipo tsopano kuli miyala yopangidwa m'fakitale, yochipa, imene yatsitsa mtengo wa miyala yokumba kuyambira 2022. Kwathunso m'mwezi wa November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Pa zenera langa ndiona anthu a mitundu iwiri. Alipo amene pofika pa 10 mwezi ali kale kufunsa za ngongole, ndipo malipiro ao ali m'manja mwa a katapila asanatuluke m'buku. Alipo ena, a malipiro omwewo, amene mwezi uli wonse atumiza kanthu kumudzi, ndipo ndikawafunsa anena za malata, za mbuzi, za fizi ya mwana. Tsiku lakuti maina awerengedwe a ocotsedwa, onsewa amva cisoni cimodzi, koma ulendo wao wopita kwao suli umodzi.

Cotero ndipempha zinthu zinai. Coyamba, musagule pa ngongole cinthu cimene muyembekeza kuti cidzadzilipira cokha mtengo ukakwera. Ndico cinagwetsa a ku New York. Caciwiri, sungani ku banki yolembedwa ndi boma, osati kwa munthu wolonjeza kucurukitsa ndarama pa sabata. Ciyambire April 2024, South Africa ali nalo lamulo longa lija la Roosevelt: banki ikagwa, wosungitsa abwezeredwa kufikira R100,000. Cacitatu, onetsetsani kuti dzina lanu ndi la wolowa m'malo mwanu zalembedwa bwino m'mabuku a penshoni, ndipo sungani mapepala anu onse a nchito. Taona kale kuti pa tsiku la tsoka athandizidwa ndi amene ali m'buku. Ife alembi tiripo cifukwa ca zimenezi, musaope kutifunsa. Cacinai, musataye munda wa kwanu, ndipo phunzirani luso lina la manja, kaya ukalipentala, kaya umakaniko, limene mudzapita nalo m'thumba.

Amene anatsika m'dzenje la Premier kuciyambi kwa 1932 anali amuna amphamvu ndi akhama monga inu. Sanalakwe kanthu, ndipo miyala sinathe. Kunangouma thumba la munthu wina ku New York. Tsalani bwino, abale, ndipo amene muli ndi agogo amene anayenda ulendo wa ku Joni, afunseni akali moyo, mutilembere zimene adzakuuzani.